Manda a Matchona a ku Mpingu m'Mapulazi a ku Zimbabwe

Mpingu ili kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pa msewu wopita ku Namitete ndi ku Mchinji, kufupi ndi malo ofufuzira zaulimi a Chitedze. Midzi yozungulira malowa ndi ya Achewa, ndipo mudzi uliwonse wakale uli ndi manda ake. M'chigwa cha Lilongwe mitengo yachilengedwe idatha ndi fodya ndi nkhuni, ndiye munthu akaona kankhalango kowirira pakati pa minda amadziwa kuti pamenepo ndi pamanda. Mbiri ya mabanja a m'derali imasungika m'timisitu timeneti kuposa m'buku lililonse. Komabe amuna ambiri amene adabadwa m'zaka 50 zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda sadaikidwe m'menemo. Mafupa awo ali m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, ena ku South Africa ndi ku Zambia. Banja lofuna kulondola mbiri yake yonse limayenera kufunafuna m'manda akumudzi komanso m'manda akunja.

Manda akumudzi amatsata mtundu wa kuchikazi. Mkazi amaikidwa kwawo, pafupi ndi amayi ake ndi agogo ake. Mwamuna amene adali pa chikamwini nthawi zambiri amamunyamula kukamuika kumudzi kwa amayi ake, chifukwa kumene adakwatira adali mlendo ngakhale adakhalako zaka makumi anayi. Munthu akayenda pakati pa mitumbira ndi mayi wachikulire wa pamudzipo amamva mbiri ya bele lonse: amene adayamba mudzi, ana ake aakazi, atsibweni amene ankayang'anira mbumba, ndi amene adalowa ufumu. Kale pa mtumbira sipankalembedwa kanthu. Chizindikiro chinkakhala mtengo, mwala, kapena mphika ndi mbale zimene adzukulu adasiyapo ataziboola. Amene ankadziwa malo a aliyense adali adzukulu okumba manda, mfumu ndi amayi akuluakulu, ndipo ziliza za simenti zolembedwa maina zidachuluka pambuyo pake. Njira imeneyi imagwira ntchito malinga ngati mudzi uli pomwepo ndipo anthu ake akupitirira kuika maliro pamalo amodzi. Munthu amene adafera kutali alibe mtumbira woti wina auloze, ndiye pakapita mibadwo iwiri dzina lake limatsala m'mawu ochepa akuti adapita ku Halale ndipo adatchona.

Chimene chidachotsa amuna m'midzi poyamba ndi msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linkafuna kuti uperekedwe ndi ndalama. Dera la Lilongwe lidali ndi mwayi umene madera a kumpoto adalibe, popeza kuyambira m'zaka za m'ma 1920 alimi ake adayamba kulima fodya wochiza ndi utsi. A. F. Barron adakhazikitsa esiteti ya Mbabzi chakumadzulo kwa boma la Lilongwe n'kumagawira alimi mbewu, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwu. Fodya adasunga amuna ena pakhomo, koma mtengo wake unkakwera ndi kutsika, ndipo utagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ambiri adauyamba ulendo. Komiti imene boma lidakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi Travers Lacey idapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland adali kunja kwa dziko, ndipo ena mwa iwo sankayembekezeka kubwerera. Mnyamata ankapita ndi cholinga chodziwika: kupeza ndalama ya msonkho, njinga, bulangete, nsalu ya mkazi ndi ya apongozi. Chikamwini nachonso chinkakankha ena, pakuti mkamwini wolima munda wa apongozi popanda chake ankaona kuti ulendo ungamupatse ulemu umene khasu silinkamupatsa.

Panali njira zingapo. Ena ankapita okha, zimene ankati kupita selefu, kuyenda pansi kudzera ku Dedza, kuwoloka Zambezi pafupi ndi Tete, mpaka kukalowa Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) cha ku Mtoko. Ena ankalowera kumadzulo pa msewu womwewu wodutsa pa Mpingu, kukafika ku Fort Manning ndi ku Fort Jameson, kenaka n'kutsetserekera kumwera. Ulendo wapansi unkatenga milungu, ndipo njala, zilombo ndi achifwamba zidapha anthu amene manda awo sadzadziwika konse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia lidayamba kunyamula anthu pa malole osalipira, otchedwa Ulere, ndipo nkhondo yachiwiri itatha bungwe lolemba anthu ntchito lotchedwa Mthandizi linkatumiza anthu makamaka kumapulazi. A Wenela ankalemba anthu opita kumigodi ya golide ya ku Joni. Mu 1913 boma la South Africa lidawaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto chifukwa chibayo chinkawapha kwambiri, koma adayambiranso m'zaka za m'ma 1930, ndipo m'zaka za m'ma 1950 adayamba kuwanyamula pa ndege kudzera ku Francistown. Kusiyana kwa njirazi n'kofunika kwa wofufuza: munthu wa Wenela adasiya dzina lake m'mabuku ndipo pangano lake likatha ankabwezedwa kwawo, pomwe wa selefu ankasuntha kuchoka pa pulazi ina kupita pa ina popanda womulondola. Matchona ambiri adachokera m'gulu la selefuli.

Mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland ankadalira kwambiri anthu ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, chifukwa Ashona ambiri ankakana malipiro ochepa a kumeneko pamene adali ndi minda yawo. Achewa adadzaza makomboni a m'madera a Mazowe, Bindura, Shamva, Banket, Trelawney, Raffingora ndi Norton, komanso migodi ngati Cam and Motor, Dalny, Shamva ndi Wankie. Imfa inkabwera msanga m'makomboni oyambirira: chibayo, matenda obwera chifukwa cha chakudya chosakwanira, ngozi za pansi pa mgodi, ndi chimfine choopsa cha mu 1918 chimene chidapha antchito ochuluka m'milungu yochepa mpaka ena adaikidwa m'dzenje limodzi.

Manda a pa pulazi sankasankhidwa ndi mfumu. Mwini pulazi ankaloza malo osalimika, m'mphepete mwa phiri la miyala, pafupi ndi chulu kapena kuseri kwa komboni, ndipo antchito ankaika anzawo pamenepo. Anthu ankagona motsatana ndi tsiku limene adamwalira, Mchewa pafupi ndi Msena, Mngoni pafupi ndi Mchikunda, kupatula Ayao achisilamu amene nthawi zambiri ankapatula mbali yawo. Chizindikiro chinkakhala mtanda wa mtengo umene chiswe chinkadya, chitsulo cha khasu la ng'ombe, kapena lata lolembedwa ndi penti. Pa manda otere kayalidwe ka mitumbira sikafotokoza za ubale, ndipo kamangosonyeza amene adamwalira poyamba ndi amene adamwalira pambuyo. Mlendo wochokera ku Mpingu akafika poganiza kuti awerenga mitumbira monga amachitira kwawo, sapezapo chimene akufuna.

Komabe anthuwo sadataye mwambo wa maliro. Poti maliro n'kulirana, ochokera dera limodzi ankasonkherana ndalama m'magulu othandizana pa zovuta, kugula nsalu ndi matabwa, ndi kutumiza uthenga kumudzi. Achewa adatsegula madambwe pafupi ndi manda a m'mapulazi ndi m'migodi, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka pa maliro a munthu wolowa monga kwawo. Gule ameneyu akuvinidwabe m'madera amenewa mpaka lero. Mipingo nayo idawatsatira. Mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed idatumiza mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury kuti akatumikire anthu a ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyo ndiyo idabala sinodi ya CCAP ya Harare, imene idalowa mu CCAP mu 1965. Dambwe, mpingo ndi mzikiti ndizo zidasunga maina amene eni mapulazi sadasamale kusunga.

Kumudzi uthenga wa imfa unkafika mochedwa, kapena osafika n'komwe. Nthawi zina mnzake wa malemu ankabwera ndi sutikesi, bulangete ndi ndalama zochepa, ndipo abale ankakhala pa siwa, kulira ndi kumeta popanda mtembo. Nthawi zina kalata inkadzera kwa DC ku boma, chifukwa boma la Nyasaland lidali ndi oimira ake ku Salisbury ndi ku Johannesburg amene ankatumiza chuma cha omwalira. Pamene sipadabwere uthenga uliwonse, mkazi ankadikira zaka, kenaka ankhoswe ankamumasula kuti akwatiwenso. Ana ankakula m'manja mwa atsibweni awo, monga mwambo unkanenera kale, n'chifukwa chake mudzi wa Achewa unkapirira kusowa kwa bambo kuposa mmene ukadapiririra kusowa kwa mayi. Mbumba imene inkamva kupweteka kwenikweni ndi ya alongo a mtchonayo, amene adataya mwini mbumba wawo. Mpaka lero amene amayambitsa zofufuza manda nthawi zambiri amakhala adzukulu a kuchikazi.

Kufufuza kumayambira pakhomo, ndipo ntchito yaikulu ndi kutolera maina onse a munthuyo. Mwamuna wa nthawi imeneyo ankatha kukhala ndi dzina la ubwana, dzina lolandira pa chinamwali, dzina la ubatizo ngati adali wa mpingo, ndi dzina la pa ntchito limene kapitawo kapena mzungu adamupatsa. Ena ankagwiritsa ntchito chitupa cha m'bale kapena cha mnzawo, ndipo ena ankasintha dzina dala pothawa pangano la ntchito. Mfunda wokha suthandiza kwenikweni, chifukwa a Banda ndi a Phiri ali ponseponse kuchokera ku Kasungu mpaka ku Tete. Chimene chimalondola munthu bwino ndi dzina la nyakwawa, la mfumu yaikulu ndi la boma, popeza izi zinkalembedwa pa chitupa ndipo ndi zimene matchona ankauza ana awo. Mdzukulu wobadwira ku Banket akhoza kusadziwa Chichewa chomveka, koma n'kukumbukira kuti agogo ake ankati kwawo ndi kwa Malili, kwa Kalolo kapena kwa Kabudula, ku Lilongwe. Apa pali vuto lina: midzi idagawikana, maufumu atsopano adachuluka, ndipo mudzi umene unkadziwika ndi dzina limodzi mu 1940 lero ungakhale midzi isanu. Mfumu yaikulu ndi nduna zake ndi amene amatha kumasula zimenezi.

Makalata akale, zithunzi ndi maenvelopu zimathandiza kwambiri, koma maina a malo olembedwa pamenepo ambiri adasintha Zimbabwe italandira ufulu mu 1980. Salisbury ndi Harare, Sinoia ndi Chinhoyi, Gatooma ndi Kadoma, Hartley ndi Chegutu, Umvukwes ndi Mvurwi, Que Que ndi Kwekwe, Shabani ndi Zvishavane, Wankie ndi Hwange. Akuluakulu a kumudzi ankatchulanso mainawa m'kamwa mwa Chichewa, ndiye pamafunika khutu lozolowera kuti dzina limene gogo akutchula ligwirizane ndi la pa mapu. Mapulazi ankadziwika ndi maina awiri, lolembedwa m'mabuku a boma ndi limene antchito ankatcha mzunguyo potengera khalidwe lake. Dzina lachiwirili ndi limene limakumbukika kumudzi, ndipo mwamwayi ndi limenenso okalamba a kumeneko amalidziwa.

Zolembedwa zilipo, ngakhale zili zobalalika. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a ku Likuni, mishoni imene ansembe a White Fathers adatsegula mu 1903, ndi a ku Nambuma ya mu 1928, komanso a mipingo ya sinodi ya Nkhoma, amatha kupereka dzina la ubatizo, la makolo ndi la mudzi. Mkhristu wopita kunja ankatenga kalata yosamukira, ndipo mabuku a mpingo umene adakafikira amatha kusonyeza kumene adakhala. Ku Zomba kuli nkhokwe ya zolembedwa zakale za boma la Malawi, ndipo ku Harare kuli ya Zimbabwe. Mabuku a Wenela, imene pambuyo pake idatchedwa TEBA ndipo kumudzi amati Theba, ena akusungidwa ku University of Johannesburg. Koma wofufuza asayembekezere chikalata cha imfa. Ku Malawi lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa aliyense lidakhazikitsidwa mu 2010 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo imfa ya wantchito wa pa pulazi m'zaka za m'ma 1940 kawirikawiri sinkalembedwa paliponse kupatula m'buku la malipiro, limene lidatayika pamodzi ndi pulaziyo. Akatswiri a mbiri monga Charles van Onselen, amene adalemba buku la Chibaro mu 1976, ndi Zoë Groves, amene adalemba za matchona a ku Harare, adafotokoza bwino moyo wa anthuwa monga gulu, koma dzina la agogo a munthu mmodzi silipezeka m'mabuku otere.

Chaka cha 2000 chidasokoneza zambiri. Boma la Zimbabwe litayamba kulanda mapulazi a azungu ndi kuwagawa, antchito zikwizikwi adachotsedwa m'makomboni, ndipo amene makolo awo adachokera ku Malawi adavutika koposa chifukwa adalibe mudzi wothawirako m'dzikomo. Ena adakakhala m'timidzi tosakhazikika m'mphepete mwa matauni, monga pa Lydiate pafupi ndi Norton. Migodi ina, monga wa Mhangura, idatsekedwa m'nyengo yomweyo. Anthu amene ankalambula manda ndi kudziwa mwini mtumbira uliwonse adabalalika. Eni malo atsopano ambiri amalemekeza manda ndipo salimapo, koma sadziwa amene adagona pamenepo. Pamene moto wolusa wadutsa kangapo ndipo ng'ombe zapondaponda, chimatsala ndi milu ya miyala m'udzu.

Ulendo wokha si wovuta monga kale. Mabasi amachoka ku Lilongwe kudzera ku Tete n'kukalowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Chovuta ndi kufika bwino. Mlendo salowa m'manda a eni ake popanda chilolezo, ndiye amayamba waonekera kwa mwini malo kapena kwa sabhuku, amene ali ngati nyakwawa ya kumeneko, kenaka n'kufunafuna akuluakulu a mtundu wa ku Malawi amene adatsala m'deralo. Ngati pamandapo pali dambwe, munthu wosalowa gule sayandikira yekha, ndipo amadikira eni dambwe kuti amutsogolere. Munthu wa ku Mpingu sachita kuuzidwa zimenezi chifukwa ndi lamulo lomwelo la kwawo. Nthawi zambiri amene amaloza mtumbira ndi nkhalamba imene idali mdzukulu pa malirowo kapena mayi amene adaphika nawo pa siwa, ndipo umboni wawo ndi wa pakamwa. Banja lanzeru limafunsa anthu awiri kapena atatu padera lisanavomereze.

Chimene ofufuza ambiri amapeza chimaposa mtumbira: amapeza banja lina. Mtchona amene adakhala zaka zambiri adakwatira kumeneko, mwina mwana wa mtchona mnzake, mwina mkazi wa Chishona, ndipo adasiya ana ndi adzukulu. Apa miyambo iwiri imawombana. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo ndipo amatenga mtundu wa bambo ake, ndiye ana a mtchona ankaonedwa kuti ndi a ku Malawi. Kwa Achewa mwana ndi wa mayi, ndiye kumudzi kwa bambo awo anawo ankaonedwa kuti kwawo n'kumene kudachokera amayi awo, ndipo alibe gawo pa munda kapena pa ufumu. Mbali iliyonse inkawaloza kwina. Malamulo a boma adawonjezera vutoli: mu 2001 Zimbabwe idasintha lamulo la unzika motero kuti ambiri obadwira komweko kwa makolo akunja adasanduka alendo, ndipo malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndi amene adatsegulanso njira kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. N'chifukwa chake kufufuza kumachokera mbali zonse ziwiri. Pamene a ku Mpingu akufuna manda a atsibweni awo, adzukulu a ku Chegutu kapena ku Mvurwi amabwera ku Lilongwe ndi dzina la nyakwawa lolembedwa pa kapepala, kufunafuna mudzi wa agogo awo. Kulandiridwa kwawo kumakhala kwa chimwemwe pa tsiku loyamba, koma nkhani ya malo ikangotchulidwa akuluakulu amayamba kulankhula mosamala.

Pali manda ena amene sangalozedwe ndi chala ngakhale malo ake akudziwika. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie No. 2 udaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo a ku Malawi. Mitembo yambiri sidatulutsidwe ndipo mgodiwo udatsekedwa, kotero chikumbutso cha pa Kamandama, pamene anthu amasonkhana chaka chilichonse pa tsikulo, ndicho chiliza cha onse. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu opita kumigodi pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Kulembaku kudayambiranso mu 1977 pa chiwerengero chochepa, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Ku South Africa migodi yambiri yakale inkaika antchito ake m'manda a kampani okhala ndi manambala m'malo mwa maina, ndipo buku la manambalawo likatayika mandawo amakhala a anthu osadziwika.

Banja likatsimikiza za mtumbira limasankha chochita. Kufukula mafupa kuti akaikidwe kumudzi kumachitika mwa apo ndi apo, chifukwa kumafuna zilolezo za maboma awiri, ndalama zambiri, ndi kuvomereza kwa ana a kumeneko amene nawonso amati mandawo ndi awo. Ambiri amalambula pamalopo, kupemphera kapena kuchita mwambo wa makolo monga mwa chikhulupiriro chawo, ndi kumanga chiliza cholembedwa dzina la kumudzi, dzina la pa ntchito, mfunda, mudzi, mfumu ndi boma. Akabwerera amakafotokoza kwa mfumu ndi kwa mbumba yonse, ndipo mabanja ena amaphika mowa wokumbukira malemu kuti mwambo umene udatsala utsirizike.

Ulendo wa kunja sudathe. Anyamata ndi atsikana a ku Mpingu, ku Nsaru ndi ku Namitete akupitabe ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ambiri mwa selefu monga agogo awo. Chimene chidasintha ndi kayendetsedwe ka maliro. Uthenga umafika tsiku lomwelo pa foni, anthu ochokera dera limodzi amasonkherana kudzera m'magulu a WhatsApp, ndipo mtembo umayenda pa msewu masiku angapo kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kuti ukaikidwe kumudzi. Ndalama zake ndi zambiri, ndipo amene adalibe zikalata zoyendera kapena anzake omusonkhera amaikidwabe m'manda a boma la mzinda umene adafera.